Kagalu Kakadzuma, Musakamenye

Masiku ano m'nyumba zambiri za ku Balaka, ku Liwonde ndi ku Ntaja tikuona tiagalu ta mutu waukulu ndi mphuno yaifupi, timene anthu amatitcha bulldog. Makolo amagula tiagaluti poopa akuba, ndipo ana amakondwera nato, kufikira tsiku limene kagaluko kayamba kuuwa usiku wonse ndi kudzuma mwana akayandikira mbale yake. Pamenepo bambo amathamangira ndodo. Ife tikuti ndodoyo ndiyo imabala galu woopsa.

Mtundu umenewu unachokera ku England, kumene kale ankaumenyanitsa ndi ng'ombe zamphongo pa masewera ankhanza, kufikira boma linaletsa masewerawo m'chaka cha 1835. Kuyambira pamenepo oweta anayamba kusankha agalu ofatsa, chotero bulldog weniweni wa lero ndi waulesi ndiponso wokonda ana. Ena amene timawatcha dzinali kuno kwathu ndi osakanizika ndi Boerboel wa ku South Africa, galu wamkulu ndi wamphamvu koposa, amene afunika kuleredwa mosamala kwambiri.

Awerengi okondedwa, kudzuma ndi chenjezo. Kagalu kakamadzuma kakunena kuti, "Ndikuopa, tasunthani pang'ono." Mukakamenya, mantha aja sachoka, chimene chimachoka ndi chenjezo lokha. Kagaluko kamaphunzira kuti kudzuma kumadzetsa ndodo, ndipo tsiku lina kadzaluma mwakachetechete. Wolumidwayo kawirikawiri amakhala mwana wa pakhomo pomwepo, pakuti nkhope yake ili pafupi ndi mano a galu. Ife a ku sukulu tikudziwa kuti mwana amene amamenyedwa akanena chimene chikumuvuta amaleka kunena, koma vutolo limakulabe mumtima.

Tsono kagalu kakadzuma pa chakudya, choyamba chotsani ana kuti kadye mwamtendere. Pambuyo pake munthu wamkulu azidutsa chapatali ndi kuponya kachidutswa ka nyama kapena usipa pafupi ndi mbale, tsiku ndi tsiku akuyandikira pang'ono. Pakapita masabata angapo kagalu kamazindikira kuti munthu wobwera ku mbale sadzalanda kanthu koma adzawonjezera, ndipo kamayamba kugwedeza mchira.

Pali mwambo umene tikuudandaula, wotsekera kagalu m'kanyumba ka mdima usana wonse, ena mpaka kukathirira tsabola m'chakudya, ati kuti kakhale kolusa. Nthawi imene kagalu kamaphunzira kuzolowera anthu ndi yaifupi, kuyambira masabata 3 kufikira masabata 12 kapena kupitirira pang'ono. Kakakhala mumdima nthawi imeneyi sikadzatha kusiyanitsa wakuba ndi mlendo, ndipo mkulu wa mpingo wodzacheza ndi odwala, kapena mwana wa mnansi wodzapala moto, onse kwa iko ndi adani. Kagalu kaone anthu, njinga, mbuzi ndi nkhuku kakali kakang'ono. Kulondera sikusowa kuphunzitsa. Galu wokonda mbuye wake amauwa yekha akamva zachilendo usiku.

Za kuuwa sitichulutsa mawu. Kagalu kolekanitsidwa kumene ndi make kamalira kaamba ka kusungulumwa, njala kapena ludzu. Mukakalalatira kamayesa mukukathandiza kuuwa. Banja lonse ligwirizane liwu limodzi, monga "Chete!", ndipo kakangotonthola kayamikireni pomwepo. Dziwaninso kuti mphuno yaifupi ija imachititsa bulldog kupuma mwaphokoso ngati mkonono, ndipo ana ena amayesa ndi kudzuma. Kutentha kwa mwezi wa October kuno ku chigwa cha Shire kungathe kumupha. Asowa mthunzi ndi madzi nthawi zonse, ndipo aziyenda m'mamawa kapena madzulo basi.

Komatu pali kudzuma kwina kumene sikufuna maphunziro. Kagalu kofatsa kakasintha mwadzidzidzi, liwu n'kusasa, dovu n'kumatuluka, n'kumaluma mitengo ndi miyala, ganizirani za chiwewe. Musakagwire ndi manja. Tsekani malowo ndipo itanani alangizi a ziweto. Kagalu kalandire katemera pofika miyezi 3, ndipo kazibayidwanso monga alangiziwo angakuuzeni. Bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu ochuluka mu mzinda wa Blantyre m'chaka cha 2015, potsata chiphunzitso chakuti agalu 70 mwa 100 alionse akalandira katemera, nthendayi imaleka kufala. Inu achinyamata, mnzanu akalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale ndi kagalu kapakhomo, asabise poopa kudzudzulidwa. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo tsiku lomwelo pitani naye ku chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, pakuti zizindikiro za chiwewe zikaoneka mwa munthu palibenso mankhwala.