Durban: Kumene Mmalawi Alibe Bwalo Lokadandaulako

Sabata ino ulendo wathu woyendera mizinda imene Amalawi amakhala wafika pakatikati pa Durban, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa. Eni ake Azulu amati eThekwini, ndipo khonsolo yoyendetsa mzindawu yakhala ndi dzina lomweli kuyambira 2000.

Mbiri ya Durban ndi ya kugawana dziko. Mu 1824 Francis Farewell ndi Henry Fynn anafika padokoli n'kupempha malo kwa mfumu Shaka. Mu 1835 azungu anautcha mzindawu dzina la Benjamin D'Urban, bwanamkubwa wa ku Cape, ndipo mu 1843 Britain inatenga Natal yense. Atsamunda anadula dzikolo m'maboma, koma anthu akuda anawaika pansi pa mafumu amene Theophilus Shepstone, mkulu wa atsamunda woona za anthu akuda, ankawavomereza, ena n'kuwalonga ufumu iye mwini. Nzeruyi si ya dzulo. Charlemagne, mfumu yakale ya ku Ulaya, atagonjetsa anthu a ku Saxony, mu 782 anasankha akuluakulu a mtundu womwewo kuti azimuyang'anira zigawo. Ku Nyasaland nako lamulo la 1912 linaika mafumu akuluakulu pansi pa bwana DC.

Mafumu akadalipo m'mphepete mwa mzindawu, ku Umbumbulu, ku Inanda ndi ku KwaXimba, ndipo malo ambiri kumeneko ali m'manja mwa bungwe la Ingonyama Trust limene linakhazikitsidwa mu 1994. Koma pakati pa tauni palibe nyakwawa. Olamula ndi khonsolo, eni nyumba za lendi ndi apolisi. Apa ndiye pagona vuto la abale athu.

Yendani mu Dr Yusuf Dadoo Street, umene kale unkatchedwa Grey Street, chapafupi ndi mzikiti waukulu wa Juma Masjid. Pansi pali masitolo a nsalu, koma mukakwera masitepe m'nyumba zina mumva makina akulira, pakati pake Chiyao ndi Chichewa. Awa ndi matelala a ku Mangochi ndi ku Machinga, atawerama pa makina kuyambira m'mawa, tizidutswa ta nsalu tili mbwee pansi. Ntchito amaidziwa, ndipo mabwana amawakonda chifukwa cha luso lawo. Koma bwana akakana kulipira mwezi ukatha, telala amene pasipoti yake inatha masiku apita kuti? Kumudzi akanalawira kwa amfumu, mlandu n'kuzengedwa pansi pa mtengo anthu onse akumva. Kuno amaopa kuti akakadandaula, funso loyamba likhala la mapepala. Ambiri amangomeza malovu, n'kukafuna ganyu kwina.

Ku Warwick Junction, kumene msika unakumana ndi siteshoni ya sitima ndi mataxi, eni dziko anaonetsa mphamvu ya kugwirizana. Mu 2009 khonsolo inafuna kumanga sitolo zazikulu pamalo a Early Morning Market, koma ogulitsa masamba anakana, nkhani inafika kukhothi, ndipo msikawo ulipo mpaka lero. Iwo anali ndi mabungwe ndi maloya. Mmalawi wogulitsa zipatso pangolo wopanda chilolezo, katundu wake akalandidwa, amangoyang'ana.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi maliro. Munthu akamwalira, uthenga umayenda pa WhatsApp, anthu a boma limodzi amasonkhana, wina amagwira buku la zopereka, wina amathamangira zikalata. Kenaka bokosi limayamba ulendo wautali: Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka kulowa pa Mwanza. Amene amayendetsa zimenezi palibe anawalonga ufumu, palibe amawalipira, koma akugwira ntchito ya mafumu, ndipo ayenera ulemu.

Kusowa pogwiraku kunaoneka poyera mu 2015. Chipwirikiti chothamangitsa alendo chinabuka Mfumu ya Azulu Goodwill Zwelithini italankhula ku Pongola, ngakhale iyo inati mawu ake anapotozedwa. Alendo anathawira m'misasa ya ku Isipingo ndi ku Chatsworth, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Mu 2019 zinachitikanso ku Burnwood, ku Sydenham, ndipo othamangitsidwa ambiri anali Amalawi.



Koma ofesi za boma lathu zili ku Pretoria ndi ku Johannesburg, mtunda wa makilomita oposa 500. Telala wolandira ndalama zochepa sangatseke makina masiku awiri kuti akakonzetse pasipoti. Akuluakulu a unduna woona za ubale ndi maiko akunja, tumizani ogwira ntchito azibwera ku Durban mwezi ndi mwezi, azikhala pansi ndi atsogoleri a magulu a Amalawi, amve madandaulo awo ndi kuwathandiza mapepala pompo.