Chenjezo la madzi osefukira lifike pakhomo

Pomwe namondwe wa Freddy ankafika m'Malawi mu Malichi 2023, a zanyengo anali atachenjeza kale. Mawailesi analengeza, mauthenga anayenda pa mafoni. Komabe ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre, matope ndi miyala zinatsika n'kukwirira nyumba anthu ali momwemo. M'dziko lonse anthu oposa 600 anamwalira, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala.

Chenjezo la dziko lonse limanena za mvula yamphamvu m'chigawo chakummwera. Silingauze mayi wa ku Chilobwe kuti nyumba yake ili m'njira ya madzi, kapena kuti athawire kusukulu iti. Apa ndi pomwe yunivesite ndi mudzi zimafunana.

Phiri likagumuka, chimene chachitika n'chodziwika. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, dothi limakhuta madzi, limalemera, ndipo limaleka kugwirana ndi thanthwe la pansi. Kumene mitengo inatha ndi makala, palibe mizu yoligwira. Akatswiri a miyala ndi nthaka atha kuyeza kutsetsereka kwa phiri n'kulemba mapu osonyeza malo oopsa. Yunivesite ya MUST ku Ndata, m'boma la Thyolo, imaphunzitsa digiri ya kasamalidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi. Inagwirizananso ndi UNICEF komanso Virginia Tech ya ku America poyambitsa African Drone and Data Academy mu 2020, sukulu yophunzitsa achinyamata kuulutsa tindege topanda woyendetsa tojambula malo kuchokera m'mwamba.

Koma chithunzi cha m'mwamba sichidziwa mbiri ya malo. Agogo a ku Phalombe amakumbukira mmene napolo wa mu 1991 anatsikira kuchokera m'phiri la Michesi, ndi midzi imene anaikokolola. Anthu a ku Makhanga m'boma la Nsanje amadziwa kuti mtsinje wa Ruo ukadzaza umatsekereza Shire pa Chiromo, madzi n'kubwerera m'minda ndi m'midzi, ngakhale kwawoko mvula isanagwe kwambiri. Amadziwanso njira imene imayamba kumira, banja lomwe lili ndi bwato, ndi nkhalamba imene singayende yokha. Mapu olembedwa popanda anthu amenewa amakhala osakwanira.

Chitsanzo cha mgwirizano wopindulitsa chili m'mitsinje ingapo ya m'dziko muno, momwe anaimika mitengo yoyezera madzi yopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira. Munthu wa kumtunda amawerenga pomwe madzi afika, n'kuimbira foni komiti ya zangozi ya m'mudzi wa kumunsi. Komitiyo imaliza mluzu kapena kulengeza pa chimkuzamawu. Ntchito ya ophunzira pano ndi kuwerengera kuti madzi akafika pofiira amatenga maola angati kuti afike kumunsi. Mtsinje ukadzaza mchenga kapena kusintha njira, mawerengedwewo ayenera kubwerezedwa, ndipo amene amayamba kuona kusinthako ndi amene amatunga madzi pamenepo.

Madzi akaphwa, matenda amatsala. Freddy anapeza dziko lili kale pa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Zimbudzi zikagumuka, zonyansa zimalowa m'zitsime, ndipo m'misasa ya othawa madzi anthu mazanamazana amagwiritsa ntchito mjigo umodzi. Ophunzira a ku Kamuzu University of Health Sciences kapena a zaumoyo wa malo okhala ku yunivesite ya MUBAS atha kuyeza madzi a m'zitsime dzinja lisanafike, limodzi ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo, kuti klorini ndi Thanzi ORS zikhale zitafika kale kumene milatho imaduka.

Chimene chimafooketsa anthu akumudzi n'chakuti ofufuza ena amabwera ndi mafunso ambirimbiri, amalemba, n'kupita osabweranso. Lipoti limatuluka m'Chingerezi, mfumu osaliona. Khalidwe limeneli liyenera kutha. Zotsatira za kafukufuku zibwerere kubwalo la mfumu m'Chichewa, m'Chisena kapena m'Chilomwe, mapu apachikidwe kusukulu, ndipo ophunzira achite nawo zoyeserera kuthawa mu Okutobala, nthaka ikadali youma.

Lamulo latsopano lokhudza ngozi zogwa mwadzidzidzi, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2023 m'malo mwa la 1991, limalola boma kulengeza malo ena kuti ndi oopsa kukhalapo n'kusamutsa anthu. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA idzafunika umboni wa akatswiri posankha malowo, komanso mawu a eni mudzi pa za minda, manda ndi madzi akumwa kumene akusamukirako.