Oliza magitala awiri: wina atsogolera, mnzake agwira pansi

ALIYENSE amene anavinapo pa cikwati ku Ndeke, kaya ya ku Kitwe kapena ya ku Ndola, adziwa kuti oliza magitala akakhala awiri, wina amatsogolera ndipo mnzake amagwira pansi. Anthu amaombera m'manja wotsogolera. Koma wogwira pansi akangophonya, nyimbo yonse yagwa ndipo ovina amangoima.

Apa ndi pamene magulu ambiri a oimba kuno ku Migodi amapasukira. Aliyense afuna kuonekera, ndipo ndalama zikabwera, wogwira pansi amapatsidwa zocepa. Komatu akatswiri akale sanali kutero.

Ku Malawi kunali abale awiri, a Daniel ndi a Donald Kachamba, a m'mudzi wa Singano pafupi ndi Chileka. Ali ana anakhalako ku Salisbury, imene lero ndi Harare, kumene anamva kwela, jazi ya m'makomboni a ku South Africa. Atabwerera kwao anayamba kuimba m'miseu ya Blantyre, ndipo mu 1967 anakumana ndi katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, a Gerhard Kubik, amene anajambula nyimbo zao.

Onse awiri anali kudziwa gitala. Koma poimba pamodzi a Daniel, amene anali akulu, anali kugwira gitala ndi kusiyira mng'ono wao citoliro kuti aonekere. A Daniel atamwalira mu 1987, a Donald anapitiriza maimbidwe a banja lao, nawafikitsa ku Ulaya ndi ku America kufikira imfa yao mu 2001.

Nako ku America kunacitika zofanana. Mu 1928 ndi 1929 a Lonnie Johnson, munthu wakuda wa ku New Orleans, ndi a Eddie Lang, mzungu wa ku Philadelphia, anajambula nyimbo za jazi za magitala awiri okha ku kampani ya Okeh. Masiku amenewo tsankho linali lalikulu, cakuti pa mbale za nyimbozo dzina la a Lang linabisidwa, analembedwa kuti Blind Willie Dunn.

A Lang anali kale wochuka pakati pa oimba acizungu, koma m'nyimbo zambiri anavomera kugwira pansi kuti gitala ya zingwe 12 ya mnzao imveke bwino. Iwo anamwalira mu 1933 ali ndi zaka 30 cabe, atacitidwa opaleshoni ya pakhosi. A Johnson anakhala ndi moyo kufikira 1970, ndipo ngakhale mu ukalamba wao anali kutamanda a Lang monga munthu wabwino ndi mnzao woposa pa nchito.

Alimi adziwa kuti ng'ombe ziwiri pa goli zikayamba kupikisana, mzera umakhota ndipo munda sutha. Cimodzimodzi pa gitala. Wotsogolera ayenera kuchera khutu kwa mnzake, kumpatsako mpata, ndi kumuchula dzina pamaso pa anthu nyimbo ikatha.

Anyamata a ku Ndeke amene muliza magitala m'makwaya, pa zikwati ndi m'mabala, kumbukirani kuti cala cimodzi siciswa nsabwe. Gawanani bwino ndalama ndi ulemu womwe. Naife omvera, poponya kandalama m'mbale, tisaiwale uja waima kumbuyo.