Akuti ndinu vata, pitta kapena kapha: tiyeni timvetsetsane

Pa shopu ya mankhwala pomwe ndimagwira ntchito kuno ku Mangochi, funso lomwe kale silinkamveka layamba kubwera kawirikawiri. Munthu amatulutsa foni, n'kundionetsa mafunso omwe wayankha pa intaneti, kenako amati: "Achimwene, akuti ine ndine vata. Mankhwala ake muli nawo?" Ena amabwera atanyamula kale botolo lomwe agula kwa wamalonda wa pa WhatsApp, kapena lomwe m'bale wawo wabwera nalo kuchokera ku Joni. Maphunziro anga a zamankhwala ndinachitira ku India, ndipo mbali ina inali yofufuza mankhwala ochokera ku zitsamba. Kumeneko ndinakhala pafupi ndi asing'anga a Ayurveda, ndinaona mmene amagwirira ntchito, ndipo ndimawalemekeza. N'chifukwa chake zimandiwawa kuona nzeru zawo zikufika kuno zitaduka mutu ndi miyendo.

Ayurveda ndi njira ya zachipatala ya makolo a ku India, ndipo inalembedwa kalekale m'chilankhulo cha Sanskrit. Buku la Charaka Samhita, lomwe lakhalapo zaka pafupifupi 2,000, limafotokoza za matenda a m'thupi ndi kadyedwe. La Sushruta Samhita limanena zambiri za maopaleshoni. Patapita zaka mazana angapo, Vagbhata anasonkhanitsa nzeru za mabuku awiriwa m'buku la Ashtanga Hridaya. Lero ku India munthu amaphunzira zaka zisanu ndi theka kuti alandire digiri ya Ayurveda, ndipo kuyambira 2014 boma la dzikolo lili ndi unduna wakewake, wa AYUSH, woyang'anira njira zoterezi.

Chiphunzitsocho chimati chinthu chilichonse, kuphatikizapo thupi la munthu, chinapangidwa ndi dothi, madzi, moto, mphepo ndi mlengalenga. M'thupi, zisanuzi zimagwira ntchito kudzera mu mphamvu zitatu zotchedwa dosha. Vata, ya mphepo ndi mlengalenga, imayendetsa chilichonse chomwe chimayenda: mpweya, magazi, chimbudzi, ngakhale maganizo. Pitta, ya moto ndi madzi pang'ono, imagaya chakudya, imatenthetsa thupi, imabweretsa njala ndi ludzu. Kapha, ya madzi ndi dothi, imamanga mnofu ndi mafuta, imafewetsa mfundo za mafupa. Zili ngati mafuwa atatu: aliyense ali nawo onse, koma sakhala ofanana msinkhu, ndiye mphika wa munthu aliyense umapendekera mbali yakeyake. Kupendekera komwe munabadwa nako ndiko amati prakriti, chibadwa cha thupi lanu.

Munthu wa vata, malinga ndi mabukuwo, amakhala wochepa thupi, wa khungu louma, manja ndi mapazi ozizira. Amayenda mofulumira, amalankhula mofulumira, amagwira zinthu msanga n'kuziiwalanso msanga. Tulo take sitichedwa kusokonekera, m'mimba mumauma, ndipo nkhawa siimusowa. Mwera ukayamba kuomba mu June, ndi iye amayamba kung'aluka milomo ndi zidendene. Wa pitta ndi wa thupi lapakati, wotuluka thukuta kwambiri, wanzeru zakuthwa koma wa mtima wapachala. Nsima ikachedwa, nyumba yonse imadziwa. Chilungulira ndi zidzolo sizimutalikira, ndipo dzuwa la October la kuno kunyanja limamusowetsa mtendere kuposa anzake. Wa kapha ndi wa thupi lodzaza ndi mafupa olimba, wodekha, wa tulo tofa nato. Amachedwa kumva koma akamva saiwala. Mavuto ake ndi kunenepa, ulesi ndi chimfine chosatherapo.

Mwina mwayamba kale kuwaika abale anu m'magulu. Dziwani kuti mabukuwo amawerenga mitundu isanu ndi iwiri, osati itatu: itatu ya dosha imodziimodzi, itatu ya ziwiri zophatikizana, ndi umodzi wa munthu yemwe zonse zitatu n'zolingana. Anthu ambiri amagwera m'magulu ophatikizanawo.

Sing'anga wa Ayurveda wodziwa ntchito yake sathamanga. Wachikulire wina yemwe ndinkamuonerera ankayamba kumuona wodwala akadali pakhomo: kayendedwe kake, mmene wakhalira pampando, mawu ake. Kenako ankayang'ana lilime, maso, zikhadabo, n'kugwira khungu. Ankafunsa za chimbudzi mosachita manyazi, za tulo, za zakudya zomwe munthuyo amazilakalaka, ngakhale za maloto. Pomaliza ankaika zala zitatu pamtsempha wa pamkono, chamkombaphala cha vata, chapakati cha pitta, chachitatu cha kapha, n'kutsinzina kwa kanthawi, chipinda chonse chili zii. Wodwala ankatuluka akudziwa kuti wamvedwa. Aliyense amene anaimapo pamzere wa chipatala cha boma Lolemba m'mawa, pomwe dokotala mmodzi amayenera kuona khamu la anthu dzuwa lisanafike pamutu, akudziwa kuti kumvedwa kotere n'kosowa. Mafunso khumi a pafoni sangalowe m'malo mwa zimenezi.

Maganizo oterewa si achilendo kwenikweni kwa ife. Timati uyu ndi wamagazi otentha, uyo thupi lake siligwirizana ndi nyemba, winayo sanenepa ngakhale adye bwanji. Agogo athu ali ndi chiphunzitso chawo cha kutentha ndi kuzizira pa nkhani za mdulo ndi tsempho, ngakhale kuti chimenecho chimanena za zomwe munthu wachita kapena wadutsamo, osati mmene anabadwira. Madokotala akale a Chisilamu, monga Ibn Sina, ankagawanso anthu ndi zakudya kukhala zotentha, zozizira, zouma ndi zonyowa, nzeru zomwe anazitenga kwa Agiriki, ndipo madokotala a ku Ulaya anaziphunzitsa kwa zaka mazanamazana. Anthu kulikonse anaona kuti matupi athu ndi osiyana, n'kufuna njira yolongosolera kusiyanako. Ngakhale nimu ndi chamwamba, mitengo yomwe yadzaza m'makomo kuyambira ku Mpondasi mpaka ku Monkey Bay, kwawo ndi ku India, ndipo yonse iwiri ndi mankhwala odziwika mu Ayurveda.

Nanga sayansi ya lero ikuti chiyani? Palibe makina a mulabu omwe angayeze vata m'magazi anu. Ofufuza a ku India anayesa kuona ngati magulu atatuwa amaonekera mu DNA, ndipo mu 2015 anafalitsa zotsatira za amuna 262 zosonyeza kusiyana kwina pakati pa maguluwo. Ndi chiyambi chosangalatsa, koma anthuwo anali ochepa, onse amuna a ku India, ndipo anachita kusankhidwa chifukwa mtundu wawo unali woonekeratu. Kafukufuku wina wasonyeza kuti asing'anga awiri akayeza munthu mmodzi, nthawi zambiri sagwirizana za gulu lake. Ine ndimaona prakriti ngati njira yakale yosanjira zomwe maso atcheru amaona pa munthu. Malangizo ambiri otuluka mmenemo ndi abwino: wa chilungulira achepetse kambuzi ndi zokazinga, wonenepa adzuke m'mawa ayende ndi kuchepetsa shuga mu tiyi, wosowa tulo adye ndi kugona pa nthawi yake. Ndiponso zitsamba za ku India zinatipatsa mankhwala enieni. Reserpine, mmodzi mwa mankhwala oyamba otsitsa BP, anatengedwa mu 1952 ku muzu womwe asing'anga a kumeneko anali akuugwiritsa ntchito kuyambira kale.

Koma pali mfundo yomwe amalonda saitchula, chonsecho ili pakatikati pa Ayurveda yeniyeniyo. Prakriti siisintha. Imakhazikika pomwe mayi akutenga pakati, ndipo munthu amakhala nayo mpaka kumanda. Chomwe chasintha m'thupi chili ndi dzina lina, vikriti, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chakuti china chake chalakwika. Ngati munali wochepa thupi kuyambira muli mwana, chimenecho ndi chibadwa. Ngati lamba wa buluku wayamba kukhwepa miyezi itatu yapitayi, amenewo ndi matenda mpaka atapezeka.

Bambo wina, msodzi wa usipa, anabwera kudzafuna mankhwala a vata chifukwa mwana wake anamuwerengera pafoni kuti kuonda, kusowa tulo ndi kufooka ndi zizindikiro za gulu limenelo. Kolala ya malaya ake inali italekana ndi khosi moti chibakera chikanalowa, ndipo mafupa a pamapewa ankaoneka. Ndinamufunsa kuti, "Bambo, malayawa munagula ali aakulu chonchi?" Anati ayi, chaka chatha ankamuthina. Ankakhosomola kwa milungu ingapo, ndipo usiku ankadzuka chofunda chitanyowa ndi thukuta. Sindinamugulitse kanthu. Ndinamupempha apite kuchipatala tsiku lomwelo akapereke makhololo, ndipo anamupeza ndi TB, matenda omwe mankhwala ake ndi aulere ndipo amachizika m'miyezi isanu ndi umodzi. Akanamwa mafuta ndi zitsamba za vata kwa miyezi ina itatu, akanapatsira ana ake ndi anzake a m'boti.

Kuno kunyanja nkhani imeneyi ndi ya moyo ndi imfa. Mwana akatentha thupi, musanene kuti ndi pitta. Kuyeza malungo kumafuna kadontho kamodzi ka magazi ndi mphindi zochepa, ndipo mankhwala a LA alipo. Mnyamata wosambira ku Malombe kapena ku Chembe akamakodza magazi, si chibadwa chake ndipo si chizindikiro cha kukula. Ndi likodzo, ndipo praziquantel amalichiza lisanawononge chikhodzodzo ndi impso. Mayi wonenepa yemwe wayamba kumva ludzu losatha ndi kudzuka kangapo usiku kukataya madzi asadzitonthoze kuti ndi kapha, akayezetse shuga. Asing'anga akale a ku India omwewo anawadziwa matenda amenewa, analemba za mkodzo wotsekemera womwe umaitana nyerere, ndipo ankawaona ngati matenda oopsa. BP ndiye yobisala kuposa onse. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Woonda ndi wonenepa, wofatsa ndi waukali, onse imawagwira.

Tsono za mabotolo aja. Mbali ina ya Ayurveda imagwiritsa ntchito dala zitsulo zowotchedwa mpaka kusanduka phulusa, pokhulupirira kuti zikakonzedwa bwino poizoni wake amatha. Mu 2004 ofufuza a ku Boston, ku America, anagula mitundu 70 ya mankhwala a Ayurveda m'mashopu a mumzindawo, ndipo 14 anapezeka ndi mtovu, mercury kapena arsenic. Mtovu umawononga ubongo wa mwana ndipo umadutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa khanda lomwe lili m'mimba. Zitsamba zenizeni nazonso zili ndi mphamvu yovulaza. Nthawi ya Covid-19, madokotala a ku India analemba za anthu omwe chiwindi chawo chinatupa atamwa giloy pofuna kudziteteza. Ashwagandha, yemwe anyamata ambiri akumufuna masiku ano kuti awapatse mphamvu, dziko la Denmark linamuletsa mu 2023. Kwa munthu yemwe ali pa ma ARV, pa mankhwala a TB, a shuga kapena a BP, chiwindi ndi impso zili kale pa ntchito yaikulu, ndipo kuwonjezerapo ufa wosadziwika n'kuika moyo pachiswe.

Kuno kwathu bungwe loyang'anira mankhwala ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Botolo lomwe lafika m'chikwama cha munthu wa pabasi silinadutse m'manja mwawo. Mukakhala nalo kunyumba, bwerani nalo kwa wazamankhwala kapena kwa dokotala wanu pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Timayang'ana ngati palembedwa dzina la kampani, zomwe zili mkatimo, nambala ya gulu lomwe linapangidwira limodzi ndi tsiku lothera mphamvu. Tikaona mawu akuti bhasma kapena rasa pa dzina la mankhwalawo, timadziwa kuti mwina muli zitsulo. Mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi mwana wamng'ono ndimawauza kuti asamwe n'komwe, ndipo wina aliyense ndimayamba ndamufunsa kuti chasintha n'chiyani m'thupi mwake, ndipo chinayamba liti.