Nyumba ya Misonkhano ya ku Blantyre ndi Phunziro Lake kwa Ife a Kumidzi

(Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi.)

 Lero sindikamba za mizere kapena za manyowa monga mwa masiku onse. Ndifuna kukamba za nyumba ija timasonkhanamo popangana za mudzi, ndipo ndiyamba ndi mbiri ya nyumba ina yakale ya ku Blantyre.

Ena mwa inu munaiona nyumbayi m'mbali mwa msewu wa Victoria Avenue. Dzina lake ndi Queen Victoria Memorial Hall, koma ambiri amangoti Old Town Hall. Inamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Mangalande, imene inamwalira mu 1901.

Blantyre wa masiku amenewo sanali mzinda waukulu ngati lero, anali tauni yaing'ono. Amishoni a ku Scotland anafika m'dziko la mfumu Kapeni mu 1876, nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882, ndipo khonsolo ya tauni inayamba mu 1895. Njanji inafika mu 1908. Tsono pa nthawi yomanga nyumbayi katundu wochokera kunja ankadzera pa mtsinje wa Shire, kenaka nkukwera mapiri pamitu ya amtengatenga.

Tinene zoona: nyumbayi Azungu anaimangira misonkhano yawo, pakuti nkhani za tauni masiku amenewo ankagamula ndi iwo. Dzina lake ndi la mfumukazi ya kutali, koma thukuta linali la anthu a dziko lino. Dziko litalandira ufulu mu 1964, nyumbayi inakhala chuma cha ife tonse. Maofesi a khonsolo ali ku Chichiri tsopano, koma nyumba yakaleyi ili m'gulu la nyumba za mbiri zimene lamulo limaziteteza, ndipo munthu saloledwa kuigwetsa mwa kufuna kwake.

Mwina mfumu ina ili kufunsa kuti, nanga za ku Blantyre zitikhudza bwanji ife a kumudzi? Imvani izi. Kudera lina kumene ndinagwirako ntchito, anthu a midzi ingapo anaumba njerwa okha namanga nyumba ya misonkhano pafupi ndi msika. Mmenemo tinkaphunzitsana za ulimi, mmenemonso mafumu ankaweruza milandu ya malire a minda. Tsiku lina mphepo inasasula lata limodzi. Aliyense anati akonza wina. Madzi analowa m'khoma, chiswe chinakwera m'mitanda, ndipo patapita madzinja awiri khoma linagwa. Tinabwerera pansi pa mtengo wa mango. Mwezi wa Disembala, pamene mlimi afunika kumva za kapaliridwe ndi kathiridwe ka feteleza, msonkhano unkabalalika ndi mvula mawu asanathe. Lata limodzi linataya ntchito ya midzi yonse ija.

Adani aakulu a nyumba ndi awiri, madzi ndi chiswe. Chifukwa chake ndipempha mafumu ndi alimi kuti muchite izi.

Choyamba, mwezi wa Okotobala mvula isanayambe, mukwere padenga. Khomererani misomali yosukusa, ndipo lata lobooka mulichotse nthawi yomweyo.

Chachiwiri, kumbani ngalande kuzungulira nyumba kuti madzi otsika padenga asaime m'tsinde mwa khoma. Khoma lonyowa kunsi silichedwa kung'aluka.

Chachitatu, mukaona njira za chiswe pakhoma muzigumule, ndipo mufune kumene chili kuchokera. Musatsamize nkhuni kapena mapesi pakhoma.

Chachinayi, ngati musungamo feteleza wa kalabu, musamuike pansi penipeni kapena kumugunditsa kukhoma. Yalani matabwa, pakuti feteleza akoka chinyontho, adya simenti, nachititsa dzimbiri pa chitsulo.

Chachisanu, sankhani anthu odziwika osunga kiyi ndi thumba la zokonzera. Chinthu cha aliyense chimasanduka chopanda mwini.

Chotsiriza ndi cha inu mafumu makamaka. Chaka chimene nyumba ya ku Blantyre inamangidwa tichidziwa chifukwa chinalembedwa. Nanga yanu? Gulani kabuku, muitane mwana wa sukulu, mukhale pansi ndi akuluakulu amene akali moyo. Alembe chaka chimene munamanga, mfumu imene inapereka malo, maina a amene anaumba njerwa ndi amayi amene anatunga madzi, ndi nkhani zazikulu zimene munagamula mmenemo. Ngati mulibe nyumba, lembani za bwalo lanu ndi mtengo wake wa kachere, ndipo musalole munthu kuudula. Nkhalamba ikapita ipita ndi zonse zimene idziwa, koma buku litsala.

Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Denga limenelo munalisenza pamodzi polimanga. Mulisenzenso pamodzi polisamala. Pa msonkhano wanu wa sabata ino muyang'ane kumwamba, muone ngati dzuwa lili kulowa pa malata.