Mwana Akamasula Wailesi Musathamangire Chikwapu

Pafupifupi pakhomo paliponse pali mwana wa zaka zapakati pa 11 ndi 14 amene sangaone chinthu chomangidwa ndi masikuluu osafuna kuona za m'kati mwake. Lero wamasula tochi ya bambo ake, mawa wachotsa kamota m'wailesi yakufa nkukamangirira pa galimoto yake yamawaya. Ambiri a ife makolo timangoti mwanayu ndi wowononga, ndipo chikwapu sichikhala patali. Koma abale ndi alongo athu m'Chisilamu, zaka zimenezi, pamene mwana ali pakati pa Sitandade 6 ndi Fomu 2, ndiye nthawi imene luso la manja ndi nzeru za makina zimamera kapena kufota.

Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ambiri tinaimva, koma kawirikawiri timayambira poti anatchuka. Iye anabadwa mu 1987, ndipo ali mwana wa pulayimale ankamasula mawailesi pamodzi ndi msuweni wake mpaka anthu a m'mudzi anayamba kuwabweretsera mawailesi awo kuti awakonzere. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake analephera kumulipirira fizi, choncho anasiyira sukulu mu Fomu 1. Poopa kungokhala, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale ya kwawoko. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, lomwe pachikuto pake panali chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, ndiye ankadalira kwambiri zithunzi ndi zojambula za m'mabuku a sayansi.

Chimene anachigwira mnyamatayu ndi chinthu chimene aliyense wokwera njinga ya dayinamo amachiona koma osachifunsa. M'kati mwa dayinamo muli maginito ndi waya wokulungidwa kambirimbiri. Gudumu likamazungulitsa maginitoyo pafupi ndi wayayo, magetsi amapangika ndipo babu limayaka. Funso lake linali lakuti, ngati miyendo ya munthu ingathe kuzungulitsa gudumu, nanga mphepo ingalephere bwanji? Anadula mitengo ya bulugamu nkumanga nsanja ya mamita pafupifupi asanu. Anatola fani ya thirakitala kudzala la zitsulo, anawotcha mapaipi apulasitiki nkuwaphwathalitsa kuti akhale mapiko, ndipo anagwiritsa ntchito njinga yakutha ya bambo ake. Swichi anaipanga ndi labala ya patapata ndi masipoko. Anthu ankamunena kuti wachita misala, mpaka tsiku limene babu linayaka. Pambuyo pake makinawo ankayatsa mababu anayi ndi mawailesi awiri, ndipo anthu omwe ankamuseka aja ankabwera kudzatchajitsa mafoni. Anamanga makinawo ali ndi zaka 14.

Nyuzipepala ya Daily Times inalemba za iye mu 2006, mu 2007 anakayankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, anabwerera kusukulu, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Kumudzi kwawo kunafika pampu ya madzi yoyendera dzuwa. William anakulira m'banja la Chikhristu, koma izi zisatiletse kuphunzirapo kanthu. Chimene chikutikhudza ife n'chakuti makolo ake, ngakhale kuti nthawi zina ankada naye nkhawa, sanamuthyole manja.

Tsono ena amaganiza kuti kuphunzitsa mwana za makono ndiko kumugulira foni kapena kompyuta basi. Dziko la Peru linayesa njira imeneyi. Boma lake linagula timakompyuta toposa 800,000 ta ana a sukulu kudzera m'ndondomeko ya One Laptop per Child. Kafukufuku amene banki ya Inter-American Development Bank inatulutsa mu 2012, atayendera sukulu zakumudzi 319, anapeza kuti anawo anazolowera ndithu kugwiritsa ntchito makinawo, koma masamu ndi chiyankhulo sizinapite patsogolo. Chipangizo chinafika, koma chosowa chinali mphunzitsi wokonzekera bwino woti amupatse mwana ntchito yoti aichite nacho. Ifenso tikuziona m'makomo mwathu: mwana akhoza kutha maola atatu chala chili pa foni, koma osadziwa chifukwa chake batire imatha msanga.

Kwa ife Asilamu a ku Malawi nkhaniyi ili ndi bala lake. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali m'manja mwa amishoni, ndipo makolo athu ambiri anakana kutumizako ana poopa kuti akawasiyitsa Deen. Mantha awo anali omveka, koma mtengo wake tinaulipira kwa zaka zambiri, pamene ntchito za m'maofesi ndi za ukadaulo zinkapita kwa ena. Zingakhale zomvetsa chisoni titabwerezanso kutsalira kotereku pa nkhani ya makina, pomwe tsopano palibe amene akutiletsa. Tikumbukire kuti nkhondo ya Badr itatha mu 624, Mtumiki Muhammad (S.A.W.) analola kuti akaidi odziwa kulemba amene analibe chuma chodziwombolera aphunzitse aliyense ana khumi a ku Madina kulemba, kenaka amasulidwe. Aphunzitsiwo sanali Asilamu, ndipo kulemba panthawiyo linali luso la anthu ochepa.

Ndipo luso la makina si lachilendo m'mbiri yathu. Mu 1206 katswiri wa Chisilamu Al-Jazari, amene ankagwira ntchito ku Diyarbakir m'dziko limene lero ndi Turkey, anamaliza buku lofotokoza makina 50, kuphatikizapo mawotchi oyendera madzi ndi makina otungira madzi othirira m'minda. Makina alionse anawajambula ndi kufotokoza kapangidwe kake kuti wina athe kupanganso. Tikaganizira za mnyamata wa ku Wimbe atawerama pa zojambula za m'buku, tikuona kuti njira yophunzitsira luso ili sinasinthe kwenikweni.

Sukulu zathu zambiri zakumudzi zilibe magetsi, ndipo phunziro la kompyuta limapezeka m'masekondale ena okha. Komabe kuyamba sikulira ndalama zambiri. Komiti ya pa Msikiti ikhoza kupempha m'bale wokonza mafoni, mawailesi kapena woika masola kuti Loweruka lililonse, ana akaweruka ku madrassah, akhale nawo ola limodzi. Mawailesi akufa, matochi, mabatire, mababu ang'onoang'ono ndi kasola kamodzi n'zokwanira kuti mwana aone ndi maso ake mmene magetsi amayendera, alakwitse, afunse, ayesenso. Mwana amene wakonzapo tochi yakufa ndi manja ake amalowa m'kalasi ya sayansi ali ndi mafunso ake kale. Atsikana asasiyidwe kukhitchini pa ola limeneli. Ngati makolo akuona kuti ndi bwino, akhale ndi gulu lawo, koma sikuludiraiva aigwire nawonso.

Chenjezo ndi limodzi, ndipo ndi lalikulu. Ana a msinkhu uwu aphunzire ndi mabatire a tochi ndi timasola ting'onoting'ono tokha. Magetsi a ESCOM a m'soketi ndi amphamvu ya mavoti 230, okwanira kupha munthu wamkulu, ndipo wailesi yakanema yakale ija yagalasi lalikulu imasungabe magetsi m'kati ngakhale itazulidwa kukhoma. Batire ya foni nayo ikabooledwa imatha kuyaka moto. Zinthu zitatu izi mwana asazitsekule popanda munthu wamkulu wodziwa ntchitoyo pambali pake.