MBALA ZA MAGUDUMU ZIWETEDWA NDI WOGULA WOSAFUNSA

M'mizinda ikuluikulu ya maiko akutali muli mtundu wa umbava umene udabwitsa anthu ambiri. Mwini galimoto yamtengo wapatali aiimika madzulo, atseka zitseko zonse nakagona. Kutaca aipeza pamalo pomwe anaisiya, magalasi osasweka, injini ili momwemo, koma galimoto yakhala pa njerwa monga nkhokwe pa miyala, magudumu onse anai atapita.

Nkhani yotere ingaoneke ngati ya anthu acuma okha, yosakhudza mlimi wa m'midzi ya kufupi ndi Lukusuzi, kumwera kwa boma la Lundazi. Komatu cimene cikopa mbala pa galimoto ya munthu wolemera ndico comwe ciikopa pa ngolo ya mlimi, ndipo pa awiriwa amene alira kwambiri ndi mlimiyo.

CIFUKWA NINJI MAGUDUMU OKHA?

Galimoto yathunthu ndi yobvuta kubisa ndiponso yobvuta kugulitsa, pakuti manambala a injini ndi a thupi lake ali m'mabuku a Boma pamodzi ndi dzina la mwini. Gudumu lilibe zotere. Likangocoka pa galimoto lifanana ndi anzake onse a mtundu womwewo, ndipo aliyense wolinyamula angathe kunena kuti ndi lake.

Kuonjezera apo, magudumu a magalimoto aliwiro monga Porsche, Ferrari ndi Corvette sapangidwa ndi citsulo wamba. Malimu ake ndi a aluminiyamu kapena magineziyamu kuti apepuke, ndipo mu 2015 kampani ya Ford inaonetsa galimoto yochedwa Shelby GT350R yokhala ndi malimu a ulusi wa kaboni, opepuka koposa. Magudumu anai otere angathe kuposa mtengo wa khola lonse la ng'ombe la mlimi wamng'ono, cikhalireco kuwamasula kufuna jeke ndi sipanala basi.

Nchitoyi mbala ziigwira mwadongosolo. Mu April 2019, m'tauni ya Slidell ku Louisiana m'dziko la America, mbala zinalowa usiku pamalo ogulitsira magalimoto a Chevrolet ndi kumasula magudumu 124 pa magalimoto 31, katundu wa mtengo wa madola pafupifupi 120,000. Munthu saba magudumu 124 kuti aike pa galimoto yake. Amene acita zotere adziwa kale kumene kuli msika.

Opanga magalimoto ayesa njira zambiri. Alipo manati apadera amene amasulidwa ndi kiyi yake yokha. Porsche 911 GT3 ili ndi nati imodzi yaikulu pakati pa gudumu, yomangidwa mwamphamvu pafupifupi kasanu kuposa nati ya galimoto wamba, yofuna cida capadera. Zonsezi zicedwetsa mbala, koma siziletsa umbava, cifukwa malinga ngati wogula alipo, wakuba adzapeza cida.

NGOLO NDIYO GALIMOTO YA MLIMI

Ku Lukusuzi kulibe galimoto yaliwiro imene ingayende, pakuti munthu akangosiya mseu waphula wocokera ku Chipata kupita ku Lundazi, alowa m'njira zafumbi, zamicenga ndi zamakhwawa. Kumeneko mfumu ya njira ndiyo ngolo yokokedwa ndi ng'ombe, imene ena aicha cikocikale.

Ngolo zambiri amisiri azipanga ndi zotsala za magalimoto akale, makamaka mavaneti. Atenga mtanda wacitsulo wogwira magudumu, malimu awiri ndi matayala ake, napala bokosi lamatabwa pamwamba. Matabwa apezeka pafupi, koma magudumu acokera kutauni ndipo agulidwa ndi ndalama za thonje kapena za nsawawa za caka cathunthu.

Ngolo ndiyo ituta cimanga kumunda, inyamula matumba kupita kumsika wa Food Reserve Agency, ibweretsa feteleza, njerwa ndi nkhuni. Usiku mai wapakati akayamba kudwala, kawirikawiri ndiyo imfikitsa kucipatala. Munthu wacuma akabedwa magudumu, a inshuwalansi amlipira ndipo sabata lisanathe ali pamseu. Mlimi akabedwa magudumu m'mwezi wa June kapena July, zokolola zikhala kumunda kudyedwa ndi ciswe, ayamba kulipira ngolo ya mnzake pa thumba lililonse, ndipo phindu la caka lithera m'njira.

Akuluakulu akumbukira bwino mmene tayala linasowera kale. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, dziko linayamba kuperewera ndalama zakunja, ndipo m'zaka za m'ma 1980 matayala ndi zipangizo za magalimoto zinali zosowa, ngakhale kuti fakitale ya Dunlop ku Ndola inali kupanga matayala nthawi imeneyo. Masiku ano matayala apezeka, atsopano ndi ogwirapo kale nchito, koma pakati pa katundu wabwino pabisalanso wakuba.

LAMULO SILISIYA WOGULA

Munthu wacilendo afika pamudzi kapena pamsika ndi malimu awiri, anena kuti ali pacangu, nachula mtengo wa theka. Mlimi aona ngati mwai wamgwera. Iye saganiza kuti magudumuwo acoka pa vaneti ya wina kutauni kapena pa ngolo ya mudzi wacitatu kucokera kwao, ndi kuti ndalama zake ndizo zidzatuma mbalayo kukamasulanso ena. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Malamulo a Zambia a milandu yaupandu anena momveka. Cigawo 272 cipereka cilango ca ndende kufikira zaka 5 kwa munthu wakuba. Cigawo 318 cipereka kufikira zaka 7 kwa munthu wolandira kapena kusunga katundu amene adziwa, kapena ali ndi cifukwa cokhulupirira, kuti ndi wobedwa. Motero wogula angathe kulangidwa koposa wakubayo, ndipo katunduyo alandidwa, ndalama zake osabwezedwa. Mtengo wotsika mopitirira muyeso, wogulitsa wosadziwika ndi malonda a usiku ndi zinthu zimene khoti lingafunse kuti wogula sanazione bwanji.

ZOYENERA KUCITA

Monga ng'ombe iikidwa cizindikiro, gudumu nalonso liyenera cizindikiro. Mwini ngolo alembe zilembo za dzina lake ndi penti m'kati mwa limu, kapena azikhome ndi msomali pamalo osaonekera msanga, ndipo aonetse a nyakwawa kuti pakhale mboni.

Pa tayala palinso zolembedwa zothandiza. Kuyambira caka ca 2000, manambala anai omalizira pambuyo pa zilembo DOT aonetsa sabata ndi caka cimene tayalalo linapangidwa: 2319 atanthauza sabata la 23 la caka ca 2019. Mwini alembe manambalawa m'kabuku pamodzi ndi dzina la kampani ndi saizi. Apolisi akagwira katundu, wokhala ndi zolemba ndiye amveka msanga. Manambala omwewa aululanso bodza la wogulitsa tayala lakale ngati latsopano.

Ngolo isagone kumunda kapena kudimba. Igone pafupi ndi nyumba, unyolo utapisidwa m'limu ndi kumangidwa ndi loko. Pogula, mlimi afunse risiti ya sitolo, ndipo ngati agula kwa munthu, malonda acitike masana pamaso pa mboni, dzina ndi nambala ya citupa ca wogulitsa zitalembedwa. Wogulitsa woona sakana zimenezi.

Mudzi umene anthu ake agwirizana kuti sadzagula gudumu losadziwika kocokera, mbala iulambalala, pakuti limu ndi katundu wolemera ndipo palibe afuna kuyenda nalo mtunda wautali kufunafuna wogula.